Bambo wa Kanema? Mlandu wa Griffith Sunaole

Aliyense amene watsegulapo buku la mbiri ya kanema wakumana nalo dzina la David Wark Griffith, ndipo wakumananso ndi kachiganizo kamene kamatsagana nalo ngati mthunzi. Kachiganizoko kamati munthuyu ndiye bambo wa luso la kanema, ngakhale kuti, mwatsoka, kanema wake wotchuka kwambiri, The Birth of a Nation, ndi wodzala ndi tsankho. Wolemba akafika pa liwu lakuti "mwatsoka" amatsitsa mawu pang'ono ngati munthu wodutsa pamanda, kenaka n'kupitiriza ulendo wake wotamanda. Amatilangiza kuti tisiyanitse luso ndi uthenga, tidye chipatso n'kulavula njere. Amawonjezanso kuti tisamuweruze mwankhanza popeza anali munthu wa nthawi yake. Malangizo amenewa awoloka nyanja, ndipo ali m'mabuku amene achinyamata athu ogwira kamera ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Harare akuphunziriramo chiyambi cha ntchito yawo.

Ine ndikukana. M'kanema ameneyu mulibe njere yolavula. Luso lakelo ndilo linasenza bodza n'kukalitula m'mitima ya anthu mamiliyoni, ndipo amene akutamanda lusolo paderadera akufanana ndi nsomba yoyamikira kukoma kwa nyambo mbedza ili kukhosi.

Griffith anabadwa pa 22 Januwale 1875 pa famu ina m'chigawo cha Kentucky ku America, patapita zaka khumi chithere nkhondo yapachiweniweni imene inathetsa ukapolo m'dzikolo. Bambo ake, a Jacob Griffith, anali mkulu wa asilikali kumbali imene inagonja, ya zigawo zakummwera zimene zinkamenyera ufulu wosunga akapolo. Anamwalira mnyamatayo ali ndi zaka 10, n'kumusiyira umphawi ndi nthano za ulemerero wotayika. Banja linasamukira mumzinda wa Louisville, ndipo David, atagwirako ntchito m'sitolo ya mabuku, analowa m'magulu a zisudzo oyendayenda. Khumbo lake linali lokhala mlembi wa masewero a pansanja. Kanema ankamuona ngati ntchito yonyozeka, yothawirako amene zawakanika kwina. Njala ndiyo inamukankhira ku kampani ya Biograph mumzinda wa New York mu 1908, ndipo chaka chomwecho anatsogolera kanema wake woyamba, The Adventures of Dollie. Pofika 1913 anali atapanga makanema aafupiafupi oposa 400, ambiri mwa iwo atajambulidwa ndi G. W. Bitzer, mmisiri wa kamera amene dzina lake limaiwalika nthawi yogawa ulemu.

Za ubambowo, anadziveka yekha. Mu Disembala 1913, atachoka ku Biograph, m'nyuzipepala ya New York Dramatic Mirror munatuluka chilengezo chonena kuti Griffith ndiye anayambitsa kujambula nkhope pafupi, kujambula malo patali, kuzimiritsa chithunzi pang'onopang'ono, ndi kudumpha kuchoka pa chochitika china kupita pa chinzake n'kubwereranso. Olemba mbiri a mibadwo yotsatira anameza chilengezochi osatafuna. Chikhalirecho George Albert Smith wa ku England anali atadzaza kale chinsalu ndi diso la munthu mu 1900, m'kanema wa Grandma's Reading Glass. Edwin S. Porter anali atatulutsa The Great Train Robbery mu 1903. Ku France mayi Alice Guy ankatsogolera makanema a nkhani ku kampani ya Gaumont, Griffith akadali kuyendayenda ndi magulu a zisudzo. Ngakhale kanema wamtali wa maola angapo, Ataliyana anatsogola ndi Cabiria mu 1914. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la luso latsopano ngati ili linasenzedwa ndi mitu yambiri m'mayiko angapo.

Komabe sindikufuna kumuchepetsa, chifukwa kumuchepetsa n'kumuchotsera mlandu. Griffith anali katswiri. Anatola njira zimene zinali zomwazikana n'kuzimanga pamodzi, ndipo anazindikira msanga kuposa anzake ambiri kuti kugunda kwa mtima wa woonera kungathe kulamulidwa ndi lumo, ndiye kuti ndi kutalika kapena kufupika kwa chidutswa chilichonse cha filimu. Njira imene anaidziwa koposa ndiitcha kupota, chifukwa imafanana ndi mmene wopota chingwe amapiringizira luzi luwiri pantchafu mpaka likhale chinthu chimodzi cholimba. Taonani The Lonely Villa wa mu 1909. Akuba akuthyola zitseko za nyumba. Mayi ndi ana ake aakazi akuthawa chipinda ndi chipinda. Bambo ali kutali, wamva palamya, ndipo akuthamanga kubwerera kwawo. Griffith amatisonyeza akuba, kenaka mayi, kenaka bambo panjira, n'kubwereranso kwa akuba, ndipo zidutswazo zimanka zifupikirafupikira mpaka woonera aiwale kupuma. Pofika pamenepo palibe amene amafunsa kuti wolungama ndani. Thupi limakhala litasankha kale mbali mutu usanaganize.

Kodi mwini wake ankadziwa kuti kupotaku ndi njira yoweruzira? Ankadziwa bwino lomwe. Chaka chomwecho cha 1909 anapanga A Corner in Wheat, m'mene amaika phwando la munthu wachuma amene wagula tirigu yense kuti akweze mtengo pafupi ndi mzere wa amphawi olephera kugula buledi. Sanafunikire kulalikira. Kuyandikanitsa zithunzi ziwirizo ndiko kunali chigamulo. Munthu amene anachita zimenezi pofuna kuti tikwiyire wadyera sanganamizire umbuli pamene anachita zomwezo, patapita zaka zisanu ndi chimodzi, pofuna kuti tiope munthu wakuda.

Ndi chidziwitso chimenechi anatenga buku la Thomas Dixon lotchedwa The Clansman, la mu 1905, lolemekeza gulu la Ku Klux Klan. Kanemayo anadya madola pafupifupi 110,000, ndalama zambiri zedi masiku amenewo, ndipo anatalika mipukutu 12, pafupifupi maola atatu. Anayamba kuonetsedwa ku Los Angeles pa 8 Febuluwale 1915. Patangopita masiku khumi anaonetsedwa ku White House pamaso pa Pulezidenti Woodrow Wilson, amene ankadziwana ndi Dixon kuyambira ku yunivesite ya Johns Hopkins, yemwenso mawu a m'buku lake la mbiri ya America analembedwa pachinsalu m'kati mwa kanemayo ngati umboni. Ku New York mipando yabwino inkagulidwa madola awiri, pamene makanema wamba ankaonedwa ndi timasenti tochepa. Anthu anakhamukirako kwa miyezi ndi miyezi.

Nkhani yake ndi ya mabanja awiri a azungu, la Stoneman la kumpoto ndi la Cameron la ku South Carolina. M'gawo loyamba, la nkhondo, akapolo amaoneka okhutira, akuvinira alendo a mbuye wawo. Gawo lachiwiri ndi la zaka zotsatira nkhondo, pamene akapolo omasulidwa anapatsidwa voti. Apa Griffith amatilowetsa m'Nyumba ya Malamulo ya South Carolina, ndipo mawu a pachinsalu amatiuza kuti chimene tikuonachi chakopedwa m'mbiri yeniyeni. Phungu wina wakuda wavula nsapato n'kusanjika mapazi patebulo. Wina akumwa mowa mobisa, wina akukukuta nyama, ndipo lamulo limene onse akulikondwerera ndi lololeza ukwati pakati pa akuda ndi azungu. Kenaka pamabwera Gus, msilikali wakuda, amene kwenikweni ndi mzungu Walter Long atadzipaka zakuda kumaso. Iye amathamangitsa mtsikana Flora Cameron m'nkhalango mpaka mtsikanayo adziponya kuphompho. A Klan amamugwira Gus, kumuweruza okha, kumupha, n'kukataya mtembo wake pakhomo la Silas Lynch, mkaladi amene ndi wachiwiri kwa bwanamkubwa. Kupha munthu popanda kumuzenga mlandu kumaonetsedwa pano ngati chilungamo.

Tsopano kumbukirani The Lonely Villa, chifukwa mathero a The Birth of a Nation ndi kanema yemwe uja atakulitsidwa kufikira kukwana dziko lonse. Luzi ndi lutatu. Elsie Stoneman, woseweredwa ndi Lillian Gish, watsekeredwa m'nyumba ya Lynch amene akufuna kumukwatira mokakamiza. Banja la Cameron lathawira m'kanyumba kamatabwa kamene kazingidwa ndi asilikali akuda, manja akuda akulowa pamazenera, ndipo bambo wakonzeka kupha mwana wake wamkazi kusiyana n'kuti agwere m'manja amenewo. Luzi lachitatu ndi apakavalo ovala zinsalu zoyera, akusonkhana, akuchuluka, akuthamanga, gulu la oimba m'holo likuomba nyimbo ya Wagner. Lumo likugwira ntchito yake. Mkazi, kanyumba, akavalo. Mkazi, kanyumba, akavalo. Anthu m'maholo ankaimirira n'kumaombera m'manja a Klan.

Funso langa kwa olekanitsa luso ndi uthenga ndi ili: mukachotsa kupotako, uthenga utsala pati? Chimene chitsale ndi buku la Dixon, chipongwe chosabisa chimene munthu woganiza angathe kuchitsutsa tsamba ndi tsamba. Buku umaliika pansi, n'kufunsa, n'kutsegula lina. Griffith anachotsa mpata wofunsirawo. Anatenga mantha amene anali ataphunzira kuwadzutsa ndi akuba a mu The Lonely Villa n'kuwaveka nkhope yakuda, natenga mpumulo umene woonera amamva mpulumutsi akafika n'kuuveka chinsalu choyera. Akavalo akafika ndipo mtima wa woonera ukagwa pansi, bodza limakhala lalowa kale. Ena anganene kuti ichi ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu pano ukuperewera. Nkhuyu ungathe kuing'amba, kukutumula nyerere n'kudya. Pano kutsekemera komweko ndiko chiphe. Ndipo kuti pasakhale wokayika za cholinga, pali kachidutswa kena chakumapeto kamene otamanda sakonda kukatchula: tsiku la chisankho lafika, anthu akuda akutuluka m'nyumba zawo, akuona a Klan ataima pamzere ndi mfuti, ndipo akubwerera m'nyumba mwakachetechete. Kwa Griffith amenewa ndiwo mathero okoma.

Mbiri yeniyeni ya zaka zimenezo, kuyambira 1865 mpaka 1877, ndi yotembenuka. Malamulo aakulu a South Carolina a mu 1868, amene nthumwi zambiri zowalemba zinali zakuda, ndiwo anakhazikitsa dongosolo la sukulu zaboma za ana onse m'chigawocho. Mu 1870 Hiram Revels wa ku Mississippi ndi Joseph Rainey wa ku South Carolina analowa m'nyumba ziwiri za malamulo za dziko lonse ku Washington, anthu akuda oyamba kutero. Ozingidwa m'tinyumba tamatabwa usiku anali anthu akuda: ovota, aphunzitsi, alaliki. Nkhanza za Klan ku South Carolina zinafika poti mu 1871 Pulezidenti Ulysses Grant analowererapo ndi mphamvu za boma. Mu 1873 ku Colfax, m'chigawo cha Louisiana, azungu okhala ndi zida anapha anthu akuda ambirimbiri, ena atagonja kale. Nalo bodza lakuti amuna akuda ankaphedwa chifukwa chogwiririra akazi achizungu linali litavulidwa kale ndi mtolankhani Ida B. Wells mu 1892. Umboni unalipo, wosindikizidwa, zaka zoposa 20 Griffith asanaimike kamera.

Zipatso sizinachedwe. Gulu la Klan linali litafa kwa zaka pafupifupi 40. Mu Novembala 1915, kanemayu atatsala pang'ono kufika mumzinda wa Atlanta, William J. Simmons anakwera phiri la Stone Mountain ndi amuna owerengeka, kuyatsa mtanda, n'kulengeza kuti gululo labadwanso. Mwambo woyatsa mtandawo sunali wa Klan yoyamba. Unachokera m'buku la Dixon ndi pachinsalu cha Griffith, ndiye kuti zigawenga zenizeni zinaphunzira mwambo wawo kwa anthu a zisudzo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1920 gululo linali ndi mamembala mamiliyoni, ndipo linapitiriza kugwiritsa ntchito kanemayu pokopa anthu kwa zaka makumi angapo. Mu 2023 katswiri wa zachuma Desmond Ang anasindikiza kafukufuku wolondola mmene kanemayu anayendera boma ndi boma m'zaka zake zoyamba, ndipo anapeza kuti kumene wafika, kupha anthu akuda ndi zipolowe za tsankho zinkawonjezeka m'miyezi yotsatira. Amene amati kanema ndi kanema chabe akawerenge zimenezo.

Tifike kwa amene amati anali munthu wa nthawi yake. Nthawi ya yani? Chaka cha 1915 sichinali cha azungu okha. Bungwe la NAACP, lokhazikitsidwa mu 1909, linalimbana ndi kanemayu mzinda ndi mzinda. Ku Boston mkonzi wa nyuzipepala William Monroe Trotter anatsogolera zionetsero mpaka kumangidwa mu Epulo 1915. Zigawo za Ohio ndi Kansas zinamuletsa kanemayu kwa kanthawi. Ndipo kutsutsako kunali ndi mawu a kuno kummwera kwa Africa. Sol Plaatje, mlembi wamkulu woyamba wa bungwe limene pambuyo pake linatchedwa ANC, anali ku London pa nkhani ya lamulo lolanda malo la 1913 pamene kanemayu anafika kumeneko, ndipo anamutsutsa. Anamutsutsanso mu 1931 pamene anaonetsedwa ku South Africa. Plaatje sankadana ndi kanema ayi. Iye mwini ankayenda m'matauni ndi m'midzi ndi makina ake, kuonetsa anthu ake zithunzi za sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee. Ankadziwa mphamvu ya chinsalu, n'chifukwa chake sanaone The Birth of a Nation ngati masewera. Onsewa anali anthu a nthawi yomweyo. Kunena kuti Griffith sakanatha kudziwa n'kunena kuti anthuwa sanali anthu oyenera kuwamvera, ndipo limenelo ndi tsankho lomwe lija litavala jekete la maphunziro.

Kwa ife Amalawi pali kugundana kwa masiku kumene n'kovuta kukudumpha. John Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915, kutatsala masiku asanu kuti kanemayu aonetsedwe koyamba. Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia asanabwerere kuno mu 1900, kotero anakhalamo m'dziko la kummwera kwa America limene Griffith amalilirira, pa nthawi imene anthu akuda ankalandidwa voti ndi kupachikidwa m'mitengo. Pa kuukira kwa pa 23 Januwale ku Magomero anaphedwa amuna achizungu, mmodzi mpaka kudulidwa mutu, ndipo zimenezo sitibisa. Koma akazi ndi ana achizungu amene anali m'manja mwa oukirawo sanavulazidwe. Chimene Griffith analumbirira dziko lonse kuti chimachitika munthu wakuda akagwira mfuti sichinachitike pamene munthu wakuda anaigwiradi.

Otamanda ali ndi pothawira pena. Amati Griffith analapa ndi kanema wotsatira, Intolerance wa mu 1916, wopota nkhani zinayi za nkhanza za kusalolerana: kugwa kwa Babulo, kupachikidwa kwa Yesu, kuphedwa kwa Apulotesitanti ku France mu 1572, ndi nkhani ya antchito a ku America wa masiku akewo. Kanemayu ndi wodabwitsa, ndipo zipupa za Babulo zimene anamanga ku Hollywood zinakhala chizindikiro cha kukula kwa maloto ake. Koma kulapa mulibe. Kusalolerana kumene kunkamupweteka Griffith kunali kwa anthu amene anamutsutsa iyeyo. Chaka chomwecho anasindikiza kabuku kodandaula kuti ufulu wolankhula ukufa ku America. Mwa nkhanza zonse zinayi zimene anasankha, ya ukapolo palibe, ya kupachika anthu akuda palibe. Mu 1930, pamene The Birth of a Nation anatulutsidwanso ndi mawu, Griffith anajambulidwa akucheza ndi Walter Huston, ndipo anaumirirabe kuti Klan inali yofunika pa nthawi yake. Zaka 15 zinali zitapita, mitanda itayaka m'dziko lonse, iye osasunthika.

Nthano ya mkazi wachizungu wozingidwa siinali ya ku America kokha, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza. Ku Southern Rhodesia lamulo la mu 1903 linaika chilango cha imfa ngakhale pa mlandu wongoyesa kugwiririra, ndipo amene ankanyongedwa ndi lamulolo anali amuna akuda. Mu Disembala 1916 ku South Africa kunatuluka De Voortrekkers, wotsogoleredwa ndi Harold Shaw wa ku America, wosonyeza ngolo za Mabunu zitazingidwa ndi ankhondo a Dingane, ndipo kwa zaka zambiri ankaonetsedwa pa 16 Disembala, tsiku lokumbukira nkhondo ya Blood River. Akatswiri ambiri amamufanizira ndi kanema wa Griffith, ndipo chifukwa chake n'choonekeratu: onse awiri amabereka mtundu wa azungu pogonjetsa munthu wakuda.

Pali chinanso chimene chikanakhala choseketsa chikanapanda kuwawa. Pamene atsamunda anayamba kupangira Aafirika makanema, kuyambira ndi ntchito ya Bantu Educational Kinema Experiment ya 1935 mpaka 1937 imene magalimoto ake anafika ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, maganizo amene anakula anali akuti ife sitingamve chiyankhulo cha kanema. William Sellers, amene anatsogolera Colonial Film Unit kuyambira 1939, anaphunzitsa kuti kanema wa Mwafirika aziyenda pang'onopang'ono, wopanda kudumphadumpha, kuopa kusokoneza mutu wa woonera. Ndiye kuti luso limene linagwiritsidwa ntchito potinamizira linayesedwanso lapamwamba kwambiri moti sitingalimvetse. Chikhalirecho ku migodi ya Copperbelt anthu ankadzaza mabwalo kuonera makanema a anyamata a pakavalo a ku America, othamanga ndi odumphadumpha, n'kumatsatira bwinobwino, ngwazi yake ataipatsa dzina lakuti Jack.

Ngongole ilipo, ndipo tiivomereze. Opanga makanema a ku Soviet Union anaphunzira Intolerance chidutswa ndi chidutswa, ndipo Sergei Eisenstein analemba mu 1944 za mmene Griffith anatengera njira zake kwa Charles Dickens. Ousmane Sembène wa ku Senegal anakaphunzira kanema ku Moscow asanapange Borom Sarret mu 1963. Motero pali chingwe, chopyapyala koma chenicheni, chochokera ku Biograph kufika ku Dakar. Koma sing'anga ndi mfiti amakumba mizu m'tchire limodzi, ndipo sing'anga akaphunzira kwa mfiti kumene muzu wina umamera, sizimusandutsa mfitiyo kukhala bambo wa zachipatala.

Moyo wake wotsala ndi wa kutsika pang'onopang'ono. Mu 1919 anakhazikitsa United Artists pamodzi ndi Charlie Chaplin, Mary Pickford ndi Douglas Fairbanks, natulutsa Broken Blossoms, m'mene Mtchaina amaseweredwanso ndi mzungu. Way Down East wa mu 1920 anapindula kwambiri. Kenaka ngongole zinamupanikiza, makanema olankhula anabwera, ndipo The Struggle wa mu 1931 anakhala womaliza. Anakhala zaka 17 osatsogoleranso kanema, namwalira ku Hollywood pa 23 Julayi 1948. Mu 1953 bungwe la otsogolera makanema ku America linatcha mphoto yake yapamwamba dzina lake, ndipo mu 1999 linachotsa dzinalo chifukwa cha tsankho la m'ntchito zake. Ena analira kuti mbiri ikufafanizidwa. Palibe chimene chinafafanizidwa. Makanema ake alipo, ndipo The Birth of a Nation anaikidwa mu 1992 pamndandanda wa makanema osungidwa ndi Library of Congress. Chimene chinachotsedwa ndi chisoti, ndipo chisoti ndi chinthu chimene ovala amapatsidwa ndi amoyo.

Ine sindikupempha kuti kanemayu abisidwe. Wobisa mbedza saphunzitsa nsomba kanthu. Aphunzitsi athu amuonetse yense, maola atatu onse, osati tizidutswa ta nkhondo tokha timene timasankhidwa kuti tisakhumudwitse. Akafika pa akavalo aja aimitse makina, afunse ophunzira chimene mitima yawo ikuchita, awerengetse zidutswa, aone okha mmene lumo lawasandutsira ochemerera adani a makolo awo. Mnyamata kapena mtsikana amene waona zimenezi m'thupi mwake sadzaiwala kuti nayenso, akadzajambula wa mtundu wina, wa chipembedzo china, mlendo wa dziko loyandikana nalo kapena wa chipani chotsutsa, lumo lomwelo lili m'manja mwake. Ndipo mawa lake amuonetse Oscar Micheaux.

Micheaux anabadwa mu 1884 ku Illinois, m'banja la anthu ochokera mu ukapolo. Anagwirapo ntchito yotumikira apaulendo m'sitima zapamtunda, analimapo ku South Dakota, ndipo ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa mabuku olemba yekha. Mu 1919 anatulutsa kanema wake woyamba, The Homesteader, ndipo pofika imfa yake mu 1951 anali atapanga makanema oposa 40 ndi ndalama zimene kwa Griffith zikanakhala za ndiwo. Mu Within Our Gates wa mu 1920 anatenga kupota komwe kuja n'kukutembenuza. Luzi lina ndi khamu la azungu, akazi ndi ana omwe, likupachika banja la anthu akuda. Luzi linalo ndi mzungu akulimbana ndi mtsikana Sylvia Landry kuti amugwiririre, mpaka aona chipsera pachifuwa pake n'kuzindikira kuti ndi mwana wake wobereka yekha. Kamera ndi yosauka, kuwala n'kopereweza, koma chimene lumo likunena pano ndicho chimene Ida B. Wells anali atalemba. Micheaux ndiye umboni wakuti njirayo siinamukakamize Griffith kunama. Anachita kusankha.

Kusamalidwa kwa ntchito za anthu awiriwa nako kuli ndi nkhani yake. Makanema mazanamazana a Griffith anasungidwa bwino, ambiri ku Museum of Modern Art ku New York ndi ku Library of Congress. Mwa makanema osalankhula a Micheaux, oposa 20, atsala atatu. Within Our Gates anayesedwa wotayika kwa zaka zambiri mpaka kope limodzi linapezeka ku Spain lili ndi dzina lakuti La Negra, ndipo pomukonzanso mu 1993 mawu a pachinsalu anachita kumasuliridwa kuchokera ku Chisipanishi kubwerera ku Chingerezi. Body and Soul wa mu 1925 ndi amene Paul Robeson anaonekeramo koyamba pachinsalu. Wachitatu ndi The Symbol of the Unconquered wa mu 1920, wonena za mlimi wakuda amene a Klan akufuna kumulanda malo. Kope lake linapezeka ku Belgium. Gawo limene a Klan amagonjetsedwa mulibemo, linatayika.